Ndakatulo ya Mwamuna Wina Pambali pa Nsalu ya Mana Linda

Ku Chamanculo kuno mukafunsa za a Belarmino Chirindza, anthu adzakuuzani kuti ndi alakatuli. Mukafunsa ine Graciete, ndidzakuuzani kuti ndi alamu anga, amuna a mkulu wanga Ermelinda, amene tonse timamutcha mana Linda. Nsanje yawo ndaionera pafupi, chifukwa timakhala mpanda umodzi ndipo chotilekanitsa ndi malata okhaokha.

Alamu anagwira ntchito ya ukalaliki ku doko la Maputo mpaka kupuma. Koma ukalalikiwo unali wongodyera, ntchito imene iwo ankaiwerengera inali ndakatulo. Paukwati, paubatizo, ngakhale pamaliro, paliponse pamene pali anthu ndi mipando, alamu ankaimirira, n'kukonza tayi, n'kutsokomola pang'ono kuti anthu akhale chete. Ndipo ndakatulo iliyonse inkafika pena pake pamene ankatambasula dzanja n'kuloza mkazi wawo. "Taonani duwa langa!" Anthu onse ankatembenuka kuyang'ana mana Linda, iye n'kuwerama, n'kumakonzakonza mpango kumutu. Ine zinkandiwawa, ndisabise. Malemu amuna anga sanandilozepo pagulu, kupatula pofunsa kumene ndaika makiyi.

Ku doko komweko kunali kalaliki mnzawo, a Anastácio Muianga, munthu wofatsa wa mapewa akugwa, amenenso ankalemba. Alamu ankawatcha wophunzira wawo. Ndiye chaka china buku la a Muianga linatuluka, n'kuyamba kuwerengedwa pawailesi. Kuyambira pamenepo dzina la Muianga linasanduka tsabola m'maso mwa alamu. Wailesi ikangolitchula, ankaitseka n'kunena kuti mabatire akutha. Atapuma pantchito anakasindikitsa buku lawolawo, lachikuto chofiira, chithunzi chawo chili patsogolo. Makatoni ake akadali pansi pa bedi mpaka lero, ndipo ndi amene akuchirikiza bedilo kuti lisagwe pakati.

Mana Linda ndi telala. Makina ake ali pakhonde, ndipo akazi a dera lino ambiri madiresi awo anadutsa m'manja mwake. Zidutswa zotsala za kapulana, zitenje za kuno, sankataya, ankazisunga m'thumba la mpunga. Ana atakula n'kuchoka pakhomo, anayamba kuzilumikiza pa nsalu zazikulu, osati kuti zikhale zofunda, koma zithunzi: msika, mvula pamalata, amayi pampopi. Sankalankhula za izi ndi munthu. Alamu ankazitcha "zigamba za mayi," ndipo ina anaiyala patebulo pawo polembera mpaka inadetsedwa ndi tiyi.

Tsiku lina kunabwera mayi wachitsikana, Suzete Cumbe, kudzachepetsa diresi. Ankagwira ntchito m'tauni, ku nyumba yoonetsera zaluso. Ataona nsalu ya amayi pampopi ili pachingwe, anaiwala za diresi lija. Ine ndinali pomwepo ndikukazinga badjia, zitumbuwa za nyemba zimene ndimagulitsa, choncho zonse ndinazimva ndekha. Alamu atangomva mawu oti zaluso, anatuluka ndi buku lofiira m'manja, poganiza kuti mlendoyo wadzera iwo.

"Pepani bambo, ine ndikufuna nsalu iyi," anatero Suzete. "Tikukonza chionetsero. Chithunzi chilichonse chidzakhala ndi mawu pambali pake, ochokera m'buku, olembedwa pakhoma."

Nkhope ya alamu inagwa, kenaka inadzukanso. "Mawu? Ndiye mwafika pakhomo poyenera, mwana wanga. Nsalu ndi ya m'nyumba muno, mawu nawonso ali m'nyumba muno. Mwapha mbalame zonse musanatuluke pageti."

Suzete anamwetulira mwaulemu n'kufotokoza m'mene amachitira. Iye sasankha yekha mawu. Amamuimika mwini ntchito patsogolo pa ntchito yake, n'kumamuwerengera mizere ya m'mabuku osiyanasiyana osatchula amene analemba, mpaka mwiniyo anene kuti awa ndiwo. Analandira buku la alamu, n'kulonjeza kuti mizere yawo idzakhala pakati pa inzake. Anawalozeranso alamu ndi chala tsamba limene adzatengepo, ndipo apo ndi pamene analakwitsa.

Sabata yonseyo sitinapume. M'mawa alamu akusamba, mizere ija. Masana akuthirira papaya, mizere ija. Ankadutsa dala pafupi ndi makina a mana Linda n'kukweza mawu, kuti tsikulo likadzafika asadzasokoneze.

"Alamu, nkhuku zaloweza kale," ndinawauza. "Tambala wanga walira ndakatulo yanu m'mawawu."

"Iwe Graciete, samala mafuta akowo. Za luso uzisiyire eni ake."

"Eni ake ndi amene ali pamakinawo."

Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala. Mana Linda sanatukule mutu, anangopitiriza kupalasa makina.

Tsiku losankha litafika tinakwera chapa, minibasi ya kuno, tili atatu kupita m'tauni. Suzete anawapempha alamu kuti akhale pampando wakumbuyo, asalankhule. Nsalu ija inali itapachikidwa pakhoma loyera, ndipo ine amene ndinkaiona tsiku ndi tsiku pachingwe ndinangoti kakasi. Amayi ali pamzere pampopi, zidebe pamutu, wina mwana kumsana, wina wagwira m'chiuno kudikira. Mapazi awo anawasoka ndi nsalu yakuda yothimbirira, n'kuwang'amba zidendene ndi ulusi woyera. Ndinazindikira chidutswa cha kapulana imene amayi athu ankaikonda. Ndinamva kunyada, komanso kansanje kanandilasa: tinakulira mphasa imodzi, ine manja anga amangodziwa mtanda wa nyemba.

Suzete anayamba kuwerenga. Mizere ya za nyanja, mana Linda anapukusa mutu. Ya za ufulu, anapukusanso. Kenaka inabwera imene tonse tinkaidziwa.

"Iwe duwa la m'bandakucha, nyenyezi yotsika kudzatunga madzi, mapazi ako sakhudza fumbi."

Kumbuyo kuja alamu anatsokomola. Mana Linda anayang'anitsitsa nsaluyo. 

"Amayi awa mapazi awo ali m'matope," anatero motsitsa. "Werengani ena, mwana wanga."

Mpando wa kumbuyo unalira. Suzete anatsegula tsamba lina osayang'ana kumeneko.

"Amayi anga sanasiye mawu. Anasiya zigamba, ndipo mphepo siinatilowe."

Mana Linda anagwira pakamwa. "Bwerezani." Suzete anabwereza. "Amenewo," anatero mkulu wanga. "Lembani amenewo."

"Awa ndi a Anastácio Muianga," anatero Suzete, wosadziwa kanthu, akulemba papepala lake.

Alamu anaimirira, n'kuvala chipewa m'nyumba momwemo, n'kutuluka. Tinawapeza pamalo okwerera chapa akuwerenga zikwangwani za pamtengo wa magetsi. M'njira monse anangoyang'ana pazenera, ngakhale kondakitala atawaponda nsapato.

Zinaphulikira kunyumba, masana omwewo, pakhonde. Ine ndinali kuseri kwa malata ndipo sindinadzivute kunamizira kusesa.

"Munadziwana liti ndi Muianga?"

"Bambo, munthu ameneyo ndinangomupatsapo moni pamaliro a bwana wanu. Dzina simunalimve nanu? Linatchulidwa nditasankha kale."

Ndikuganiza kuti alamu akanakonda kumva kuti panali chibwenzi. Mwamuna mnzako ukhoza kumugwira pakhosi, akuluakulu n'kukamba mlandu, zinthu n'kutha. Koma mkazi wako atatseka maso n'kusankha mawu a mdani wako chifukwa choti amukoma, ukadandaula kwa ndani?

"Ndiye anga simunawazindikire? Sabata yonse ija?"

"Ndinawazindikira musanatsokomole."

 

"Munawazindikira, n'kuwakana. Pamaso pa mwana uja."

"Bambo a Zito, khalani pansi mumve," anatero mana Linda. Zito ndi mwana wawo woyamba, ndipo akawatchula choncho ndiye kuti nkhani yakula. "Chikwatirane ine ndakhala chithunzi pambali pa mawu anu. Mukaimirira paukwati, ine ndikhale pamene mundilozere. Duwa, nyenyezi, mapazi osakhudza fumbi. Munayamba mwawaonapo mapazi anga? Nsalu ija yakhala pachingwe apo miyezi, munandifunsapo kuti amayi amenewa ndi ndani? Khoma lija ndi langa. Ndi limodzi lokha, ndipo ndalipeza nditachita imvi."

"Ndiye mulipereke kwa Muianga?"

"Sindinalipereke kwa munthu. Mawu aja akunena za amayi anga."

Alamu sanagonje. Anapita okha kwa Suzete kukapempha kuti mawu asinthidwe, iye n'kuwauza kuti wosintha ndi mwini nsalu yekha. Anabwerera n'kuyamba kunyengerera. Analemba mizere yatsopano ya matope ndi zidendene, n'kumawerengera mkazi wawo akusoka, koma pofika kumapeto nyenyezi inkalowamo ndithu. Mana Linda ankamvetsera mpaka amalize, n'kunena kuti, "Ndamva, bambo," n'kupitiriza kusoka. Kenaka alamu ananyanyala chakudya cha m'nyumba mwawo. Ankabwera kwa ine m'mawa kudzagula buledi ndi badjia ngati mlendo.

"Alamu, mwasamukira kwa ine? Anthu adzanena."

"Anene. Kuchionetsero chawocho ine sindipondako. Ukamuuze mkulu wakoyo."

"Mukamuuze nokha, mumagona bedi limodzi pamwamba pa mabuku anu."

Ndinaseka, koma atatembenuka ndinawamvera chisoni. Anali atawonda khosi, kolala ikuchita kulendewera. Munthu amene moyo wake wonse ankadziwa kuti waluso pakhomo pano ndi iye, tsopano ankaona anthu akuima pageti kufunsa kuti kwa mayi wa nsalu uja ndi pano. Ndipo mana Linda naye sankagona bwino. Anandiuza tikuchapa kuti, "Akapanda kubwera, Graciete, ndidzaima bwanji pamaso pa anthu ngati wamasiye mwamuna ali moyo?" Ndinamufunsa ngati asinthe mawu aja. Anafinya chovala mpaka madzi kutha, n'kunena kuti ayi.

Loweruka lotsegulira tinanyamuka awiri, alamu ali chigonere kuyang'ana kukhoma. Kunali anthu ambiri, ovala bwino, atagwira matambula a zakumwa. Ndinaona m'mene anthu amachitira kumalo otere: amayamba awerenga mawu a pakhoma, n'kugwedeza mutu, chithunzicho n'kungochiponyera diso akupita pa china. Mawu a Muianga anali atalembedwa ndi utoto wakuda kumanja kwa nsalu, dzina lawo pansi pake. Eni ake analipo, okalamba, ali ndi ndodo. Anabwera kwa mana Linda n'kuvula chipewa.

"Mayi, mawu angawa anali osowa pokhala. Mwawapatsa nyumba."

Alamu analowa nthawi yomweyo, ngati anachita kutumidwa. Anavala suti yawo ya paukwati, tayi yofiira, nsapato zopukutidwa. Anaona Muianga atagwira dzanja la mkazi wawo, ndipo ndinaona nsagwada zawo zikuyenda. Ndinati lero kuli ndakatulo, kapena kuli ndewu.

"Belarmino, mnzanga wakale!" anatero a Muianga.

"Anastácio," anayankha alamu, osatambasula dzanja.

Anadutsa pakati pa anthu, n'kukafika pakhoma paja, n'kutembenuka, n'kutsamira msana wawo pamawu a Muianga. Alamu ndi munthu wamtali wa mapewa otambalala. Mizere yonse inabisika, ndi dzina lomwe. Anapinda manja pachifuwa n'kuima nji, ngati mlonda wa pabanki.

Anthu ankabwera, n'kusuzumira kuseri kwa phewa lawo, iwo osasuntha. Wina anati, "Pepani bambo, tiwerenge nawo," iwo n'kungoyang'ana kudenga. Posowa chowerenga, anthuwo anayamba kuyang'ana nsalu. Ankaima nthawi yaitali. Mayi wina anawerama kuona zidendene zija, n'kuitana mnzake kuti adzaone ulusi. A Muianga anaseka chamumtima n'kupita kukafuna mpando.

Suzete anabwera kwa mana Linda akutuluka thukuta. "Mayi, chonde alankhuleni. Akutseka mawu. Kapena ndiitane mlonda awapemphe bwinobwino?"

Mana Linda anawayang'ana amuna ake. Thukuta linali likutsika m'khosi mwawo, koma pakamwa pali potseka. Ndipo poti analibe kwina koyang'ana, anali atapotoza khosi n'kuyamba kuiona nsalu ija, mayi mmodzimmodzi, kuyambira pampopi mpaka kumapeto kwa mzere.

"Asiyeni, mwana wanga," anatero mkulu wanga. "Chikwatirane, lero ndi koyamba kuima pambali panga ali chete."

Anatenga tambula ya madzi n'kukawapatsa. Alamu analandira ndi dzanja limodzi, msana osauchotsa pakhoma. Ine ndinaima patali ndi mbale yanga ya chamusa, ndikuwayang'ana awiriwo, ndipo nsanje yanga ya kale ija inandibwerera yonse.