Bangwe wa Bambo M'balani ya Fodya

Tsiku limenelo tinalipo asanu: bambo ndi bangwe wawo, mayi, amalume amene anali atangofika kuchokera ku Joni ndi wailesi ya kaseti, aphunzitsi amene anabwera kudzaonerera, ndi ine. Kaseti inali imodzi yokha, yachikasu, yong'aluka pakona. Ndili nayo mpaka lero m'pepala la shuga.

Chinali chilimwe, fodya atapita kumsika. Bambo ankatsokomola chiyambire masika, ndipo mayi ndi amene anapempha amalume kuti awajambule. Ine ndinkangoti ndi masewera.

Tinayambira pakhonde. Amalume anadina mabatani awiri, bambo n'kuyamba kuliza nsambo zawaya zija. Titabweza kuti timvere, ndinachita manyazi. Tambala analimo. Musi wa kuseri kwa nyumba unalimo. Chifuwa cha bambo chinalimo, ngakhale mpweya umene ankakoka asanayambe mzere. Bangwe ankangolira ngati udzudzu. Koma mayi anamvetsera atagwira pakamwa, n'kuti bwezaninso.

Aphunzitsi anati sayansi ikufuna mtsuko. Tinatembenuza kaseti, tinaika wailesi mumtsuko wopanda madzi, bambo n'kuimbira pakamwa pake. Zinatuluka ngati munthu wagwera m'chitsime. Aphunzitsi anati vuto ndi mabatire. Ine sukulu ndinalekeza sitandade thuu, koma ndinadziwa kuti vuto ndi aphunzitsi.

Nzeru ya balani inali yanga, ndipo aliyense pa Mitundu pano ndinamuuza. Panjira ya ku Nathenje panali balani ya njerwa yowotchera fodya, yopanda kanthu nyengo imeneyo, mmene ana tinkakuwa iyo n'kumatiyankha. Bambo tinawakweza panjinga. Anapumira kawiri panjira.

Abale, mmene zinamvekera! Bangwe mmodzi anasanduka atatu. Nsambo ikalira, inkakwera kudenga n'kubwerera itanenepa. Tambala kunalibe, chifuwa chinamira. Tinafufuta za mumtsuko, ndipo ine ndinaumirira kuti nyimbo yachiwiri ilowe mbali inayo, pamene panali ya pakhonde. Mayi anati, "Ya pakhonde ija muisiye." Ananena motsitsa, ine mawu anga ndi aakulu chibadwire. Mabatani ndinadina ndekha.

Kunyumba mayi anamvetsera kamodzi. Anati, "Awa si amuna anga," n'kutenga ndowa kupita kumjigo. Ndinazunguzika. Anthu onse ankayamikira, ngakhale aphunzitsi anavomera kuti zikumveka ngati za pa wailesi. Nanga mayi ankafunanji? Tambala? Bambo tinawaika m'manda mvula yoyamba isanagwe, ndipo mayi kaseti ija sanaifunsenso.

Mpaka lero ndimati ya m'balani ndiyo inali yabwino. Ndimanena mokweza. Koma chaka chatha ndinadzipeza ndikulephera kukumbukira mmene bambo ankalankhulira. Nyimbo ndikuidziwa, mawu awo ayi.

Mwana wanga amajambula makwaya pa foni. Anandijambula ine ndikuliza bangwe yemweyo m'chipinda, n'kudina penapake, ndipo balani yonse inatulukira m'kafoni kaja, popanda njinga, popanda njerwa. Akuti ndi eko. Anadinanso, ndinatsala ndekha ndi kupuma kwanga. Pomwepo ndinathamangira pepala la shuga. Ndinamuuza kuti achite chimodzimodzi ndi kaseti ya agogo ake, achotse balaniyo, nditsale ndi munthu.

Analimbana nayo masiku awiri. Kenako anandibwezera ndi manja awiri.

"Bambo, balani ya pa nyimbo yanu ija ndinaichotsa chifukwa ndinaiika ndine. Iyi inalowa limodzi ndi agogo. Ndikachotsa balani, nawonso achoka."