Mawu a Mayi Eleanor pa Mbale Yong'aluka

"Kweza, iwe Sophie! Sindikumva kanthu."

"Ndakweza mpaka pamapeto, ambuye. N'chifukwa chake zikupokosera ngati malata pamphepo!"

"Ndiye makina akowo ndi abodza. Bweretsa mbale yanga."

A Basil, nkhalamba ya ku Mbungo, anakulunga mbale yawo ya galamafoni m'chitenje n'kutuluka osatsanzika. Sophie anatsala yekha mu ofesi ina ya ku Chipyela, pa chilumba cha Likoma. Ntchito yake mmenemo inali yosesa, ndipo kompyuta ankaigwira akamaliza kukolopa.

Munali mu 2007. Mayeso a Folomu 4 anali atamukana kawiri. Anzake onse anali atakwera sitima ya panyanja, ena ku Mzuzu, ena ku Lilongwe, ndipo makalata anasiya kubwera. Tsiku la sitima iye ankadzera njira yakuseri kuti asaone anthu akutsanzikana.

Mbaleyo inali ya kwaya ya anthu a ku Likoma amene ankagwira ntchito ku Bulawayo kalekale. Malemu akazi awo a Basil, mayi Eleanor, anaimba nawo. Koma mbaleyo inali ndi mng'alu m'mphepete, ndipo ikangozungulira mng'aluwo unkakwawira mkati. Sophie ndiye anadzitama kuti alumikiza galamafoni ku kompyuta n'kuika nyimboyo pa CD isanatheretu. Zimene zinatuluka ndi phokoso lokhalokha. Kwaya ikakweza mawu, zonse zinkangoti phwaa, osadziwika wamkazi kapena wamwamuna.

Sophie analira tsiku limenelo. Musaseke, inunso munalirapo.

M'mawa mwake anabwereka mbale zakale zimene eni ake analibe nazo ntchito, n'kuyamba kuyeserera pa zimenezo. Masiku asanu ndi atatu, yekhayekha. Magetsi akazima masana ankakhala pakhonde n'kumadikira, ngakhale kudikira sinali mphatso yake.

Choyamba anaona kuti akatsitsa sipika, kusweka kwa mawu sikuchoka. Ndiye kuti mawuwo ankawonongeka polowa, osati potuluka. Anakumbuka mmene madzi amatayikira ukamathira m'botolo ndi ndowa yonse kamodzi.

Anagwada kuseri kwa kompyuta. Waya wochokera ku galamafoni anali ataulowetsa m'kabowo ka maikolofoni, kamene kamakuza mawu okula kale. Anausamutsira m'kabowo ka buluu. Kenako anayang'ana timizere tovina pagalasi, toonetsa kukula kwa mawu. Kale tikafiira ankasangalala, kumati ndiye mphamvu imeneyo. Tsopano anasankha pamene nyimbo yakwera kwambiri, n'kumatsitsa pang'onopang'ono mpaka timizere tonse titakhala tobiriwira, pamwamba patatsala malo.

Mawu anatuluka oyera.

Anayenda wapansi mpaka ku Mbungo. A Basil anali m'munda wa chinangwa ndipo sanaweramuke n'komwe.

"Wabwera kudzaimalizitsa?"

"Kamodzi kokha, ambuye. Koma pojambula musandiuze kuti ndikweze. Tijambule motsitsa, mukweza nokha pomvera."

Nkhalambayo inasiya khasu n'kukatenga chitenje chija.

Mbale inaimba kamodzi kokha. Sophie anagwira mpweya singano ikamadutsa pamng'alu, ikuti tha, tha, tha. Palibe kamzere kanafiira.

Ndikufupikitsireni, poti ine nkhani zazitali zimanditopetsa. Mbiri inamveka mpaka ku Yofu. Mabanja amene abambo awo anabwera ndi mbale kuchokera ku Joni anayamba kuzifukula m'masutikesi. Patatha zaka ziwiri Sophie naye anakwera sitima, kupita kukagwira ntchito mu situdiyo ina ku Mzuzu, ndipo tsiku limenelo anadzera njira yaikulu.

Iwe amene mayeso anakukana, amene anzako anakusiya padoko, usadzitaye. Mwina mutu wako ulibe vuto, wangolowetsa waya polakwika. Gwada, uyang'ane kuseri, uyesenso.

Koma Sophie mukamufunsa, sanena za Mzuzu. Amanena za masana aja mu ofesi, atawaveka a Basil mahedifoni n'kuwapatsa kabatani kokwezera. A Basil anakweza okha n'kutchera khutu. Pa ndime yachiwiri anamugwira dzanja.

"Ndi uyo. Akukwera pamwamba pa anzakeyo."

"Nyimbo yanu yapulumuka, ambuye."

"Nyimboyo ndimaidziwa pamtima, mwanawe. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikuopa kuti ndinaiwala mawu ake. Ndimangofuna ndidziwe ngati ndingamuzindikire pakati pa anthu."