Mtedza wa pa Masika

Kutchalitchi kwathu ku Chezi, Lamulungu la masika aliyense amalowa atasenza za m'munda mwake: chimanga, mtedza, maungu, ena nkhuku ili m'khwapa. Ine tsikuli ndimalikonda kuposa Khirisimasi.

Chaka china ndinachedwa, ndipo panja ndinapeza mayi ena atakhala pansi pa mtengo wa mango. Anali a ku Phalombe, matenanti a pa esiteti ya fodya. Munda wawo analibe, fodya amene ankalima anali wa bwana, ndiye ankachita manyazi kulowa chimanjamanja.

Mkulu wa mpingo wathu, bambo osayankhulayankhula, nawonso anali akungofika kumene. Anatsitsa thumba la mtedza panjinga n'kunena kuti, "Mayi, yalani chitenje." Anakhuthulirapo theka.

"Koma si wanga," anatero mayiwo.

"Nanga ndi wanga? Ine ndinangobzala. Mvula ija sindinagule."

Analowa limodzi akuimba, ine pambuyo ndi maungu anga. Mpaka lero ndikamakumba mtedza kumunda, mawu oti "wanga" amandikakamira pakhosi.