Masipika Anayi a Mkamwini

A Wilbroad Sakala akhala akumanga masipika m'magalimoto ku Kapata kuyambira nthawi ya makaseti. Salankhula zambiri. Galimoto ikafika, amayamba aika dzanja pa ampulifaya ngati mayi woyeza mwana malungo.

Litatsala tsiku limodzi kuti mwana wawo Millicent akwatiwe, mkwati Lemmy anabwera ndi galimoto yotsogolera ukwati kupita ku Chiparamba. Anali atamanga yekha masipika anayi m'buti, ndipo anatsegula monyadira anzake akuona.

A Sakala anasuzumira. Mawaya ofiira onse anali atapotedwa pamodzi, akudanso pamodzi, monga amalumikizira mababu a m'nyumba. Sipika iliyonse inali ya maomu anayi pa muyeso wa zamagetsi, koma akamangidwa chonchi onse amatsika kufika pa omu imodzi, pomwe ampulifayayo inkafuna anayi. Ikanatentha n'kuzima asanatuluke m'tauni, mkwatibwi n'kukafika kumudzi mwakachetechete ngati maliro.

Koma mkamwini sadzudzulidwa pagulu. Ngakhale kumuyang'ana m'maso sankamuyang'ana.

Anatembenukira kwa a Fainess, mlongo wawo, amene anali ankhoswe.

"Achemwali, auzeni apongozi angawa kuti maso anga atha. Andibwereke manja, ndione ngati ndikukumbukira ntchito."

"Inu maso atha? Dzulo munaona nyerere mu shuga!" anatero a Fainess.

"Auzeni basi."

Lemmy anagwada pambali pa buti. A Sakala ankalankhula akuyang'ana tayala.

"Masipika awiriwa agwirane manja, wakuda wa uyu ku wofiira wa uyo. Akhala maomu eyiti. Enawonso chimodzimodzi. Tsopano magulu awiriwo akumane pa ampulifaya."

"Ndiye abwerera pa folo," Lemmy anayankha motsitsa mawu, nayenso akuyang'ana tayala lomwelo. Kenako anayang'ana mawaya ake aja. "Aa. Zikomo, atate."

"Amwene, zavuta?" anafuula mnzake wina wa Lemmy.

"Akundikumbutsa ntchito awa," anatero a Sakala.

M'mawa mwake nyimbo zinalira msewu wonse, m'fumbi ndi m'mabampu, amayi akululutira kumbuyo kwa lole. Atafika ku Chiparamba, anthu anathamangira mkwatibwi. A Sakala anazungulira kumbuyo kwa galimoto. Anapeza Lemmy, ali m'suti yake, atatsegula kale buti, akumwetulira. Anaika dzanja pa ampulifaya: sinatenthe.

"Achemwali ali kuti?" anafunsa a Sakala.

"Akuvina, atate."

"Basi, ndinena ndekha. Kaziimbani mpaka madzulo."