Koliyasi Safa, Amangokomoka

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza mu minibasi ya ku Zingwangwa. Mayi wina anandikhazika chitini cha maluwa pamiyendo osapempha n'komwe. Dalaivala ankalowa dzenje lililonse ngati akulonjera abale ake, koma duwalo ndinalifikitsa osathothoka tsamba. Potsika, mayiwo anandifunsa komwe ndikugwira ntchito. Ndinati ndikupuma kaye. Ndinali ndikupuma kwa amalume ku Bangwe chimalizireni sukulu, ndipo amene anatopa ndi kupumako anali amalumewo.

Mayiwo, Mayi Nangondo, anali ndi nazale kuseri kwa nyumba yawo, ndipo anandilemba ntchito kumeneko. Chuma chawo chinali koliyasi, maluwa a m'nyumba aja a masamba ofiira, achikasu ndi obiriwira ngati chitenje cha pachinkhoswe. Anandiphunzitsa kudula nthambi ndi lezala pansi pa mfundo, kuchotsa masamba a m'munsi, n'kuiviika m'botolo la madzi mpaka itulutse mizu. Ikatero umaibzala m'chitini choboola pansi ndi msomali, m'dothi lakuda losakaniza ndi mchenga ndi manyowa owolerana. Nsonga umazitsina kuti achite nthambi zambiri. Akatulutsa duwa, umatsinanso. "Koliyasi ndi masamba," ankatero mayi. "Akayamba zamaluwa ndiye kuti wayamba kukalamba." Dzuwa amafuna la m'mawa lokha.

Tsiku lovuta linabwera mu Okutobala. Mipopi inali itauma, m'diramu mwathu mutatsala dzimbiri lokha. Mayi anali kumaliro. Masana kamvuluvulu anasasula udzu wa pashedi n'kupita nawo kuphiri la Soche. Kutentha kwake, ndikulumbira, mthunzi wanga womwe unakana kunditsatira, unatsala pansi pa mango. Ndisanamalize kusamutsa zitini, koliyasi yense anali atalendewera ngati masokosi pachingwe. Chonsecho m'mawa mwake mwini loji ina ya ku Chilomoni amayenera kudzatenga oda yake.

Mayi atafika anagwira m'chiuno. "Ndachoka pamaliro, ndapezanso maliro! Kataye zonsezi kudzala, ukatero uzipita kwa amalume ako."

"Sinditaya, mayi."

"Wati chiyani?"

"Sanafe awa, akomoka. Wokomoka sitimukumbira manda."

"Ndakuchotsa ntchito!"

"Ndamva. Koma zidebe simunandilande."

Ndinatsika nazo kuchitsime cha kumunsi. Mzere wake unali wautali moti womalizira anaima ku Chimwankhunda, mboni zilipo. Amayi a pamzerepo atamva za ulendo wanga anandiseka. "Achimwene, ife ana sanasambe, inu mukasambitse maluwa?" Ndinati, "Anu akamva ludzu amalira, angawa amangofa chinunu." Wina anati, "Mpatseni atunge wamisalayu, asatiyambukire."

Dothi likauma gwa, madzi othira pamwamba amangodutsa m'mbali. Ndiye ndinkaimika zitini m'beseni kuti zimwe kuchokera pansi, n'kudula masamba opserera. Malo ozizira anali amodzi okha, pabalaza pa mayi. Ndinadzazamo zitini mpaka pansi pa sofa. Mwini nyumba anakhala pakhonde, akundikumbutsa ulendo uliwonse wa zidebe kuti sindine wantchito wawo.

Chakumadzulo maluwa aja anayamba kudzuka. Wofiira wina anadzutsa tsamba limodzi n'kundiyang'ana ngati ndamudula tulo. Angapo a kumapeto kwa shedi anapitadi, sindinama, koma pofika m'mawa otsalawo anali njo, ngati palibe chinachitika. Wa loji uja anatenga oda yake, akuyamikira kuti maluwa athu ndi osamalika.

Galimoto itachoka, mayi anandiyang'ana. "Waima chiyani? Shediyo idzifolera yokha?" Kupepesa kwawo kunali komweko.

Lero ndili ndi kanazale kanga ku Machinjiri, ndipo lamulo langa ndi lomwe lija: chogona usathamangire kuchitaya, chimwetse kaye. Amalume aja ankauza anthu kuti ine ndinatha kale. Ndinawapatsa koliyasi mmodzi wa pawindo. Amaiwala kumuthirira, koliyasiyo amakomoka, akamuthirira amadzuka, ndipo amachita zimenezi pamaso pawo penipeni.