Sikelo ya Khofi Inatsala Kumtunda

Chaka changa chachiwiri ndikuphunzitsa ku Nchenachena, alimi a khofi anandipempha kuti ndiwawerengere mavoti. Ati ine wa ku Dedza ndinalibe mbale pakati pawo, choncho sindingakondere.

Kale kalabu iliyonse, yaikulu kaya yaing'ono, inkatumiza munthu wake kukomiti yaikulu. Chaka chimenecho lamulo linasintha: onse avotere pamodzi, ndipo wopambana apitirire theka la mavoti. Makalabu awiri akuluakulu akumunsi anaomba m'manja. Kakalabu ka pamwamba pa phiri, ka amayi ochepa chabe, mpando wake unali wapita basi. Choopsa n'chakuti akumunsiwo ankafuna kutsitsira sikelo yoyezera khofi ku Mhuju. Tangoganizani, thumba pamutu, msewu wamatope uja!

Mtsogoleri wa amayiwo anali mayi wamfupi amene kale ankasesa kuchipatala cha mishoni. Ine mtima unandipsa m'malo mwawo, ndipo ndinawauza kuti anyanyale chisankhocho. Iwo anangoseka.

"Asambizgi, mwafulumira chomene," anatero, kunditchula monga amatchulira mphunzitsi kumeneko. "Akumunsiwo awerengana?"

Tsiku lachisankho mayiwo anaima nawo pa mpando wa tcheyamani, ndipo anagwa ulendo woyamba womwe. Koma nditawerenga mapepala, ndinaona zimene iwo anaziona kale. Mwa abambo awiri akumunsi amene ankalimbirana mpandowo panalibe amene anafika theka, ndipo popanda amayi akumtunda sakanafikako pa ulendo wachiwiri.

Ha! Abambo amene chaka chonse sanawapatseko moni anayamba kuwakodola kuti akalankhule kuseri kwa tchalitchi. Mayiwo anakana. Anati wofuna mavoti awo anene pomwepo, pamaso pa abusa ndi anthu onse, kumene sikelo ikhale. Woyamba analonjeza kuti ikhala kumtunda. Wachiwiri, poopa kutsala, analonjeza zomwezo. Apo mayiwo anauza anzawo kuti aliyense avotere amene wam'konda.

Kunena zoona ndinawasirira, ndipo ndinachita manyazi ndi upangiri wanga wonyanyala uja. Potuluka ndinawapepesa kuti mpando wa kalabu yawo watayika.

"Yewo, asambizgi," anathokoza m'chinenero chawo akumanga chitenje. "Koma chimene chimandithyola khosi ine ndi thumba."

Mpaka pamene ndinasamutsidwa, amayi aja ankayezetsa khofi wawo pamwamba pa phiri pomwepo.