Che Aufi Akana Kuvula Khaki

Che Aufi Khamisi anafika ku Bulawayo ndi kachikwama kamodzi ndi wezulo ya malemu bambo awo. Zaka makumi atatu anadula malata pafakitale ya zitini ku Kelvin, kumene kapitawo sanavutike n'kuphunzira dzina lawo. Koma Lamlungu masana ku Nguboyenja ankavala khaki yosita, mamendulo odula kuzitini ali waliwali pachifuwa, n'kukhala kaputeni wa gule wa Beni. Pambuyo pawo pankaguba amuna khumi ndi awiri, ndipo womaliza mwa iwo anali Che Saidi, mnzawo wa kuubwana, atamanga pilo pamimba kuyerekeza sajeni wachizungu wonenepa.

Patatha chaka dziko lili paufulu, boma linalengeza kuti lithandiza magule: zikopa za ng'oma, lole yonyamula ovina, ndi malo m'bwalo lalikulu pa tsiku lokumbukira ufulu. Che Aufi anapita ku ofesi ya zachikhalidwe, nakapeza mkulu wa pamenepo, Jameson Ncube, munthu waulemu ndithu.

"Gule wanu ndinamuonapo, mdala, ngwokoma," anatero Jameson. "Koma thandizoli n'la magule a makolo. Khakiyo nja atsamunda. Valani zikopa ngati anzanu, sainani pepala ili, lole ibwera."

"Ine chikopa ndimachidziwa pang'oma, baba."

"Tigubitse asilikali a mzungu pamaso pa alendo, ufulu tangolandira kumene?"

"Bambo anga anasenza katundu wa azungu kunkhondo, osapatsidwa ngakhale batani. Atabwerako anadzidulira okha mendulo, n'kumaguba mowaseka, eni akewo ali pomwepo kuwomba m'manja. Mzungu sanativule. Ndiye mutivule ndinu?"

Jameson anapukusa mutu. "Lamuloli sindinalembe ndine. Tengani pepalali mukaganize."

Nkhaniyi itafika ku gulu, woyamba kufooka anali Che Saidi.

"Achimwene, ng'oma yaikulu ija yang'ambika, ndipo mawondo angawa sangafike kubwalo wapansi. Tsiku limodzi lokha, tivale zikopazo."

"Inu Che Saidi, chimimba chanucho muchibisa m'kachikopa kanji?" anafunsa Che Aufi. " Ana akathawa, akati yatuluka mvuu."

Onse anafa nacho chiseko, koma amuna anayi anatengabe zipewa zawo n'kukalowa gulu lina lomwe linasaina. Che Aufi sanawanene. Anakapempha chikopa cha mbuzi kwa wozinga nyama wa kumzikiti, nakunga ng'omayo okha, zala mpaka kutuluka matuza.

Tsikulo litakwana ananyamuka wapansi, anthu asanu ndi anayi, wezulo patsogolo. Lole ya boma inawapitirira pamsewu, anzawo anayi aja ali m'mwamba atavala zikopa, nkhope atazibisa. Pachipata mlonda anayendetsa chala pamndandanda kawiri konse. Dzina lawo munalibe.

"Palibe kanthu," anatero Che Aufi. "Fumbi ili silifuna siginecha."

Anafola pomwepo, pafupi ndi amayi ootcha chimanga. Ng'oma italira, anthu amene anali pamzere wolowera anatembenuka, ena n'kuchokeratu pamzerepo. Che Saidi anaiwala za mawondo. Anachita sailuti chofufuma, napunthwa dala, nagwa chagada miyendo m'mwamba, ndipo agogo ena achindebele anaseka mpaka kukhala pansi. "Nguye! Ndi yemweyo, kapitawo wa kunjanji uja!"

Phokosolo linatulutsa Jameson m'bwalo. Anaima kanthawi akulimbana ndi milomo yake kuti asaseke.

"Mdala, mwandibalalitsira mzere. Pepala lija lili kuti? Mutasaina ngakhale pano, chaka chamawa mulowa."

Che Aufi analoza mimba ya Che Saidi. "Lili umo. Pilo wa sajeni anachepa thonje."

Anaika wezulo pakamwa, gulu n'kutembenuka.

Thandizo la boma sanalilandire mpaka imfa yawo. Zaka zisanu ndi chimodzi zotsatira anavina pachipata pomwepo, khaki ili yosita.